Nkhafi ya m'chigafa

Kalekale, fodya asanadzaze minda ya Kasungu yino, mtengo umene wayanikapo fodyawo, iwe Yohane, unali nkhafi yopalasira bwato. Ndikudziwa kuti mikangala yakuperewera, koma umenewo utsitse, ndipo enanu musaleke kusoka fodya, mungondibwereka makutu.

Ife kuno ku Chamama ndife obwera. Agogo anga aamuna anabadwira kunyanja, ndipo ankasimba kuti ali mwana, m'mawa wina kunatulukira sitima ya azungu ikufuka utsi. Kwathuko alendo ankawachingamira ndi mphatso, choncho bambo awo, a Msosa, anatenga nkhuku yoyera ndi lichero la ufa n'kulowa m'bwato pamodzi ndi anzawo. Sankadziwa kuti sitimayo yabwera kudzalanga midzi yonse ya m'mbali mwa madzi chifukwa cha mfumu ina imene inakana kugonjera azungu. Mzinga unalira, mabwato anasweka, nyumba zinapsa, ndipo kumtunda kunabwerera nkhafi yokhayi, mwini wake ayi.

Agogo anaitola n'kuthawa nayo. Anakalamba nayo, mpaka kudzafika nayo kuno potsatira ana awo amene analowa utenanti m'maesiteti, kuno kopanda ndi dziwe lomwe loti n'kuiviikamo. Ankaidzoza mafuta a nsatsi ngati khanda, ndipo anthu ankawaseka kuti akufuna kupalasa fumbi.

Koma mukudziwa chimene ankadikira? Inu masiku ano mukalakwirana mumangotumizirana mawu pafoni, koma kale wolakwa ankabwera yekha ndi nkhuku, n'kukhala pansi, n'kutchula chimene walakwa anthu akumva. Agogo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti eni sitima aja adzatero. Dziko litalandira ufulu anachapitsa malaya awo, amvekere tsopano boma ndi lathu, liwaitanitsa azungu aja kubwalo. Galimoto yachilendo ikaima pamsewu ankadzuka n'kuuza mayi anga kuti ayale mphasa, koma ankakhala ogula fodya basi.

Atadwala ndinawafunsa kuti anthuwo akadzabwera adzawalipiritse chiyani. Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Sindikufuna kanthu kawo, mdzukulu wanga. Wina angovomera kuti nkhuku ija anaiona m'bwatomo, koma anawomberabe."

Ndimawasowa agogo, ana inu. Ndikamva fungo la nsatsi mtima umandiwawa, ndipo ndimalakalaka nyanja imene ine sindinaionepo n'komwe. Amene analamula kuti mzinga ulire anafera kwawo pabedi, mlandu osauyankha, ndipo a boma lathu sanafunsepo.

Tsono Yohane, mkangala ukadule wina kudambo. Nkhafiyi muisunge pouma, muziidzoza. Anthu aja akadzabwera ine nditapita, musadzawatukwane. Mudzawayalire mphasa, mudzaike nkhafiyi patsogolo pawo, ndipo mudzawauze kuti mwini wake anali a Msosa, ndi kuti ankabwera kudzawapatsa moni.