Pomwe Maginito Anagwa

Zikomo aulutsi pondiwerengera nkhaniyi. Ndine mayi wamasiye, ndimakhala ku Maryhill mumzinda wa Glasgow.

Malemu amuna anga anasiya galimoto yakalekale yomwe ankaikonza okha Loweruka lililonse. Ankafuna kuti idzanyamule mwana wathu wamkazi pa ukwati wake. Kuno nthawi yachisanu amathira mchere m'misewu, ndiye dzimbiri linali litaidya kunsi. Ukwati utayandikira, ndinaipereka kwa bambo ena a kumpingo kwathu, odziwa kuwotcherera, kuti aimalize.

Pokaitenga ndinanyamula maginito a pafiriji. Malemuwo ankati penti imanama: pomwe awotcherera chitsulo maginito amagwira, pomwe angomata phala lotsekera mabowo amagwa. Ndinayesa kunsi konse, anagwira. Pachitseko chakumbuyo anagwa pansi.

"Bambo, apa mwandimata phula m'maso," ndinatero.

"Mayi, pamenepo sindinakhudzepo," anayankha. "Anamatapo ndi achimwene, amuna anu, miyezi ija manja awo atayamba kunjenjemera ndi matenda. Makina owotcherera anali atawakanika."

Miyezi imeneyo ine ndinkati akupezako bwino, poti Loweruka ankapitabe kugalaja.

"Kodi mwana angavulale nacho chitsekochi?"

"Ayi, mphamvu ya galimoto ili kunsiku. Koma pakapita zaka padzatupa. Ndidulepo?"

"Pasiyeni."

Tsiku la ukwati mwana wathu analowera pachitseko chomwecho. Omvera anzanga, galimoto yokonzedwa muziiyesa ndi maginito ndithu. Koma akagwa, yambani mwafunsa kuti anamatapo ndani.