Mtengo wa Maapozi wa Ainagul

Pa siteji ya minibasi m'tawuni ya Karakol, mayi Burul anakhala pafupi ndi bambo wina amene sankamudziwa, yemwe anali atanyamula macheka atsopano. Chisanu chinali chitayamba kutsika m'mapiri.

"Macheka amenewo akukadula chiyani, achimwene?" anafunsa mayiwo.

"Mtengo wa maapozi wa kuseri kwa nyumba. Nkhuni zandithera."

"Mu Okutobala muno, chisanu chikungoyamba kumene? Mumazidya kapena?"

"Ndimafunditsira dziwe losambira. Ndinamanga ng'anjo pambali pake, madzi amadutsa m'mapaipi pamoto n'kubwerera m'dziwemo."

"Ha! Anzanu akusungira nkhuni chisanu, inu mukuzitha kuti muzisambira ngati bakha?"

"Si ine, achemwali, ndi akazi anga, a Ainagul. Anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndiye adokotala anati aziyenda m'madzi ofunda. Pamtunda sayenda, koma m'madzi amayenda okha. Vuto n'lakuti ndimasonkha moto tsiku lonse, kukacha madzi azizira."

"Usiku mumavundikira ndi chiyani?"

"Dziwe amavundikiranso?"

"Mpunga kwanu mumauphika osavundikira? Mukufunditsa mitambo, bambo inu! Gulani pulasitiki, pamwamba pake muyale zoyala zaubweya zakale. Nanga mtengowo anadzala ndani?"

"Iwo omwewo, chaka chimene tinakwatirana."

"Akudziwa kuti mukuudula?"

"Sindinawauze."

"Ndiye tsiku limene adzayende pamtunda, mukufuna akafike pachitsa?"

Minibasi inafika, mayi Burul n'kukwera. Bambo uja sanakwere. Anatembenuka ndi macheka ake, n'kubwerera kumsika komwe anawagula.