Nsanja ya ku Nsanama Inafika kwa Ankhoswe

Zaka zimenezo, mafoni a m'manja atangofika kumene kuno ku Machinga, munthu ukafuna kuyimbira mbale wako wa ku Balaka umakwera pachulu n'kuimika dzanja m'mwamba, ndipo ukaipeza netiweki sumapuma n'komwe kuopa kuti ingathawe. Mukusekatu, poti lero mumayimba muli chigonere pamphasa. Taikani kaye timafoni tanuto pansi, adzukulu anga, ndikuuzeni za nsanja ya mafoni ili kuseri kwa msika wa Nsanama.

Nsanja imeneyo ndinaimika ndine, ndili kapitawo wa anyamata okwera zitsulo. Injiniya wathu anali ndi buku lake la miyezo, lonena kuti chitsulo chinenepe bwanji ndipo chipirire mphepo yotani, ndipo ife tinalitsata osaphonya bawuti ndi limodzi lomwe. Pamwamba tinangopachikapo kadishi ndi timilongoti take basi. Koma taionani lero! Kampani iyi yapachikapo zake, iyo zake, mpaka nsanja yanga ikuoneka ngati njinga ya wamakala.

Nditapuma ntchito, eni nsanjayo anafuna kuwonjezerapo madishi ena, ndiye anatuma injiniya kuti adzaione kaye ngati ingasenze, ndipo ikalephera aigwetse. Mukudziwa amene anatumidwa? Yusufu, mkamwini wanga, mwamuna wa Asiyatu mwana wanga woyamba, bambo ake a Hawa akubisa nkhopeyu.

Yusufu anabwera ndi mabuku awiri, lakale lija tinamangira ife ndi lina latsopano. Lakale limawerengera mphepo mwachidule, koma latsopanoli n'lovuta ngati apongozi, limafunsa za mphepo yobwera mwadzidzidzi, za malo amene nsanja yaima, za katundu yense wapachikidwapo. Asiyatu anandinong'oneza kuti akayeza ndi lakale nsanja ikupulumuka pang'onong'ono, koma akayeza ndi latsopano ikugwa mayeso. Ine magazi anawira. Ndinati, "Kamuuze mwamuna wakoyo kuti nsanja ayiyeze ndi buku lomwe inabadwira. Akandigwetsera nsanja yanga, pakhomo pano asadzapondenso!"

Tsono inu a masiku ano mumacheza ndi apongozi ngati anzanu a kumpira, koma Yusufu analeredwa mwakale. Iye kundiyang'ana m'maso n'kunena kuti iyayi? Sizikanatheka. Tikakumana panjira amapatukira kutchire chipewa chili m'manja, ndipo Lachisanu kumzikiti amakhala kumbuyo kwenikweni, swala ikangotha wazimiririka. Asiyatu anati munthuyo chakudya sichikulowa.

Tsiku lina m'mawa ndinangoona a Saidi, malume ake a Yusufu, omwe ndi ankhoswe a ukwatiwo, akulowa pabwalo atavala mkanjo woyera, nkhope ili gwa. Mtima wanga unati phaa! Ankhoswetu sayenda chabe. Anganga anu, mkazi wangayu, anayamba kale kulira kukhitchini kuti ukwati wa mwana wawo watha, ndipo ine ndinatumiza uthenga kwa ankhoswe a kuchikazi kuti athamange. Atafika tinayala mphasa, tinalonjerana mpaka mbuzi ndi nkhuku zomwe, kenaka a Saidi anakhosomola n'kunena kuti, "Che Bwanali, tabwera ndi nkhani ya nsanja."

Ankhoswe a kuchikazi anaseka mpaka kapu ya tiyi inatayika. Koma a Saidi sanamwetulire. Anati, "Mwana wanu Yusufu akuti nsanja munamanga bwino, ndipo ikanakhala ikusenza katundu yemwe uja munaimangira, buku lakale likanakwanira. Koma poti akuisenzetsa wina, ayenera kuyeza ndi latsopano. Akuti dzina lake sangalembe pansi pa buku lakale, chifukwa amayi ake a Asiyatu amagulitsa mandasi patsinde pa nsanjayo."

Ine ndinaimirira kuti ndikalipe. Ndinati nsanja yanga yaona mvula zamkuntho zosawerengeka osagwedezeka, ndipo mkazi wanga amakhala pamenepo mtima uli m'malo chifukwa amadziwa manja amene anamanga. Ndinatembenukira kwa mkazi wangayo kuti andichitire umboni. Anganga anuwo anapukuta misozi ndi chitenje n'kunena kuti, "Inu bambo, ine ndinasamuka kalekale. Chimvereni za mabuku awiriwo, mandasi ndikugulitsira kutsidya, pafupi ndi a nsomba."

Ha! Mkazi wanga yemwe! Anthu anagubuduka ndi phwete, ndipo ine ndinakhala pansi, kenaka nanenso chiseko chinandipeza. Ndinauza a Saidi kuti, "Kamuuzeni mwanayo ayeze ndi buku limene likumupatsa tulo. Ikagwa igwe." Koma musaganize kuti ndinanena mosavuta.

Yusufu anayeza chitsulo chimodzichimodzi, ndipo anapeza kuti miyendo ndi maziko zikukwana ngakhale pa buku lovutalo. Zimene zimalephera ndi zitsulo zopingasa za pakati, ndiye analembera eni ake kuti asaigwetse, angowonjezera zitsulo ndi kusintha mabawuti adzimbiri, ndipo eni akewo anavomera. Madzulo a tsiku limene anamaliza ntchitoyo anabwera yekha, anagwada patali potero, ndipo ine ndinamuitana kuti adye nane mbale imodzi. Anatuluka thukuta ngati akukwera nsanja, koma anadya.

Ndiye inu amene mukuphunzira za zomangamanga, mukadzapeza chinthu chakale musadzathamangire kuchinyoza, komanso musadzachiyeze ndi muyezo wokondweretsa mwini wake. Dzafunseni kuti lero chikusenza chiyani, ndipo pansi pake pakukhala ndani. Ine kuti nsanja yanga yachiradi sindinamvere kwa injiniya iyayi. Ndinadziwa tsiku limene ndinapita kumsika n'kupeza anganga anu abwerera patsinde paja ndi beseni lawo la mandasi.