Msilikali wa ku America Agonja pa Kapondo

Chaka chimene America inkaponya mabomba ku Iraq, aphunzitsi a Vitus analumbira pamaso pa anzawo kusukulu kuti pofika Lolemba, mafilimu a ku America akhala atatha pa Kapondo. Mkuluyu kubweza mawu ankakuopa kuposa malungo, ndiye Loweruka masana anakaima pakhomo pa a Kefasi, mwini kanyumba koonetsera kanema.

"A Kefasi, tikunyanyala. Za ku America zonse chotsani."

"Za ku America ndilibe, aphunzitsi. Matepiwa ndi a ku Chipata. Zambia yamenya ndani?"

"Aaa! Kumene anapangidwa, bambo! Tikasiya kuonera, eni ake amva kuwawa."

"Akawauza ndani?"

"Amva basi!"

A Kefasi anakanda m'mutu. "Komatu sadziwa n'komwe kuti timaonera. Tepiyi anakopera mwakuba ndi mlamu wanga. Ndiwalembere kaye kalata yoti tinayamba, kenako ina yoti tasiya?"

Aphunzitsi anavula chipewa. Ankaona kale anzawo akuwaseka Lolemba m'mawa.

"Tamverani kuno. Uko ana akufa. Kuno anthu akuombera m'manja msilikali wa ku America chifukwa wapambana. Tsiku ndi tsiku kupambana! Si zamanyazi zimenezo?"

"Ooo! Vuto ndi kupambanako?"

"Eya!"

"Mukanatero kale. Lowani."

A Vitus analowa akunyinyirika, nakhala kunsonga kwa benchi, nkhope atalozetsa kukhoma. Ati sanabwerere zoonera iwo. Koma mfuti zitayamba kulira mufilimumo, khosi linatembenuka lokha.

Msilikali uja anagwidwa. Adani anamumangirira pamtengo, anaunjika nkhuni kumapazi kwake, wina anakhwatcha machesi. Aphunzitsi anali atafika benchi yakutsogolo, osadziwa kuti afikapo bwanji.

A Kefasi anazula waya pa batire. Kanema thi!

"Yathera pomwepa, anthuni. America yagonja. Tulukani bwino."

"Iii! Mwazimitsiranji?" anakuwa a Vitus, mawu awo kuposa a onse.

"Si mwati asapambane? Kuyambira lero azipsa kawiri pa tsiku, Lamulungu katatu. Lolemba mukanene kusukulu monyadira."

Anthu anatuluka akutukwana. Aphunzitsi anatsala pabenchi, chipewa akuchifinya m'manja. Zimene ankafuna anazipeza ndithu, koma mtima unali pamtengo paja.

"Komatu m'sokosi mwake munali kampeni. Ndinakaona ine."

"Ine sindinakaone."

"Mwaionera kambirimbiri filimuyi!"

"Kale limenelo, nkhondo isanayambe."

A Vitus anasuzumira panja, kuona ngati pali mwana wasukulu kapena mphunzitsi mnzawo. Kenako anasendera pafupi, mawu atatsitsa.

"Lumikizani pang'ono chabe. Kapena mungondinong'oneza. Apulumuka?"

A Kefasi anakulunga waya uja mosamala, naika m'thumba la malaya.

"Pepani aphunzitsi. Ife kuno tikunyanyala."