Kainjini Kamene Malemu Anakachotsa pa Njanji

Abusa, akuluakulu a mpingo, abale ndi alongo, ndikupatsani moni m'dzina la Ambuye. Zikomo posiya ntchito zanu kudzalira nafe. Ine ndine msuweni wa malemu, ndipo banja landituma kuti ndiwerenge mbiri yawo.

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1951, oyamba mwa ana awiri, onse aamuna. Atamaliza sukulu mu 1969 analowa ntchito yokonza mainjini a sitima zapamtunda, ndipo anaigwira zaka makumi atatu ndi zisanu. Pa 2 Seputembala 1978 anamanga ukwati woyera ndi mayi amene akhala pafupi ndi bokosiwa. Mulungu anawapatsa ana atatu.

Atapuma pantchito mu 2004, sitima sizinawachoke mumtima. Anayala tinjanji pathebulo lalitali m'galaja, nayamba kuyendetsapo timasitima tokwana m'manja. Loweruka lililonse anzawo okonda timasitima ankasonkhana m'menemo, koma mawu omaliza anali a malemu. Kainjini kakapepuka, ankati n'choseweretsa ana. Utoto ukawala kwambiri, ankati injini yogwira ntchito sinyezimira ngati mbale ya alendo. Ankawerenga ngakhale timisomali ta m'mbali, mpaka anzawo anawatcha a Misomali.

Ndime yotsatirayi ena m'banja anandipempha kuti ndiidumphe. Sindingathe, chifukwa anandituma ndi malemu eniake, mayi ali pomwepo.

Mu 2013 ang'ono awo a malemu, amene ndi akalipentala, anabweretsa kainjini kamalasha. Anakapanga okha ndi manja kwa zaka ziwiri, potengera injini imene bambo awo ankayendetsa. Kasanazungulire n'kamodzi komwe, malemu anakachotsa pa njanji anthu onse akuona. Anati mbali ya woyendetsa aikako mawindo atatu pamene injini ya bambo inali ndi awiri, ndipo anawonjeza kuti wokhoma mipando azikhoma mipando. Ang'ono awo anatuluka osatenga ngakhale chipewa. Kuyambira tsikulo sanalankhulanenso. Kutchalitchi ankaimba nyimbo imodzi, wina kutsogolo, wina kumbuyo.

Malemu anayamba kudwala mtima mu Januwale 2025. Mu Meyi, mayi akulongosola m'sutikesi, anapeza chithunzi chakale cha apongozi awo ataima pambali pa injini ija. Malemu anavala magalasi nawerenga mawindo. Anali atatu. Anawerenganso. Tsiku limenelo sanadye.

Kawiri konse anatuma mwana wawo wamkulu kukaitana ang'ono awo, koma sanabwere, ndipo sitikuwaweruza. Malemu anatsitsa kainjini kaja pamwamba pa kabati, pomwe kanakhala zaka khumi ndi ziwiri. Anakathira mafuta nakayendetsa. Anatiuza kuti m'galaja monsemo munalibe kena kokoka mosalala chotero. Anatinso popeza ananyoza m'bale wawo pagulu, kupepesa kuyeneranso kukhala pagulu. Anamwalira m'mawa wa pa 9 Juni.

Asuweni, ndakuonani mwaima kumbuyoko pafupi ndi chitseko. Uthenga wa akulu anu ndi uwu: mawindo anali atatu, olakwa anali iwo, muwakhululukire. Kainjini kanu ndi ako kali pabokosi, pamodzi ndi chipewa chanu. Anapempha kuti chogwirira chakutsogolo cha bokosi chikhale chanu. Onyamula tawauza kale kuti asachikhudze, ndipo tidikira.

Malemu asiya mayi, ana atatu, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, ndi mng'ono mmodzi yekha. Tikuthokoza anamwino, amayi a mpingo amene sanatitaye, ndi anzawo a Loweruka aja. Mzimu wa malemu uuse mumtendere wa Mbuye wawo.

Inu muli pakatipo, taapatsani njira asuweni adutse.

Mulungu amene anatikhululukira tisanapemphe akusungeni nonse. Ndipo amene ali ndi m'bale wosalankhulana naye, Ambuye amupatse mphamvu yokagogoda pakhomo pake onse akadali ndi moyo. Ameni.