Ndinakayikira Alamu Anga Chifukwa cha Mayeso a Agnesi

Abale ndi alongo, mwaswera bwanji? Ambuye atamandike. Ine ndine amake Agnesi, wa konkuno ku Nsaru. Ambiri mumandidziwa kuti sindichedwa kukayika. Wogulitsa feteleza akandisekerera kwambiri, ine ndimayamba ndafunsa kuti thumbalo tiliyezenso.

Agnesi wanga anakhoza bwino fomu folo, moti ngakhale aphunzitsi anabwera kudzandigwira chanza. Ankafuna sukulu ya zachipatala yophunzitsa kusamala mapazi, mabala osapola aja a anthu odwala shuga. Koma kumeneko satifiketi yokha sikwanira. Amalembetsanso mayeso awo olowera, a tsiku limodzi.

Anapita kukalemba ndi Felista, mwana wa alamu anga a Nabanda, alongo awo a bambo akunyumba. Felistayo mapointi ake anali ongokwawa. Mayina atatuluka, Felista alipo, Agnesi palibe.

Abale, mtima wanga unada. Ndinati apa pali kanthu. Zaka zinayi za khama zingagonje kwa maola awiri? Poyamba ndinati kusukuluko amasankha poyang'ana nkhope. Kenaka ndinakumbukira kuti m'mawa wa ulendowo a Nabanda anasesa pabwalo pathu, pomwe Agnesi anaponda. Ndinati basi, atapa dothi la phazi, amulanda nzeru mwana wanga. Ine Mkhristu, wa kwaya! Ndinasiya kuwalonjera. Akanditumizira ndiwo ndinkapatsa galu, n'kumamuyang'ana ngati adzuke. Pa Misa, nthawi yopatsana mtendere, dzanja langa linkalowa m'chitenje.

Tsiku lina tikukonola chimanga ndinayambanso nkhani yomweyo. Agnesi anaika chitsononkho pansi. Anati, "Amayi, asiyeni azakhali. Mwezi wonse Felista ankayeserera mapepala akale, wotchi ili pambali. Ankandiitana. Inu munkati wa mapointi abwino sawerenga kawiri, tiye tikasankhe fodya. Ine nthawi inandithera ndili pakati pa pepala."

Ndinasowa pogwira, abale. Ndinasowa pogwira. Mfiti ndinkaifuna kuseri kwa mpanda, chonsecho amene anatsekera mwana m'chigafa cha fodya ndine.

Ndinapita kwa a Nabanda, ndinagwada, ndinaulula zonse, za galu zomwe. Iwo anati tsikulo anasesa chifukwa anaona ndili kalikiliki kukazingira ana mtedza wa paulendo. Sanandikalipire. Anangolowa m'nyumba n'kutulutsa mapepala a Felista, akuti ndikampatse Agnesi.

Chaka chotsatira fodya ndinasankha ndekha. Agnesi analembanso, anamutenga, ndipo lero ali chaka chachiwiri. Mayeso a tsiku limodziwa ine ndimawakayikirabe, ndisaname pamaso pa Mulungu. Koma ndikuthokoza Ambuye kuti anandichotsa chidani ndisanafe nacho.

A Nabanda ali pompano, akhala kumbuyoko. Alamu, ndinakupepesani m'nyumba tili awiri, koma mbiri yanu ndinaiwononga pamjigo, anthu akumva. N'chifukwa chake ndaimirira lero. Simunachite kanthu. Pepani.