Mkeka wa Abiti Dinala

Chaka chomwe mvula inachedwa chija, pa siteji ya minibasi za ku Malindi panakhala bambo wina wachikulire atafungatira mkeka wosatha kuluka. Amene anayamba kuwayankhula anali mayi wogulitsa usipa pambali pawo.

"Agogo, mkeka wosathawu mukupita nawo kuti?"

"Ndikusaka munthu woti aumalize, mama. Ankaluka ndi malemu akazi anga, Abiti Dinala. Anatisiya mwezi wa Ramadhani."

"Pepani kwambiri. Nanga ana anu aakazi saluka?"

"Ndinawaletsa ndine. Ndinkati mlaza sudyetsa munthu masiku ano, anthu akuthamangira mikeka yapulasitiki. Tsiku lina ndinachita kugula umodzi, n'kukauyala pakhonde pomwe mayi awo ankalukira."

"Iwo anati chiyani?"

"Anangosendera n'kukhala padothi, n'kumaluka. Chonsecho malata a nyumba yathu anagula ndi mikeka yawoyo."

"Azibambo inu ndinu ovuta. Tabweretsani kuno ndione. Ine mayi anga anandiphunzitsa, koma papita zaka khumi osaugwira mlaza."

"Onani, mama."

"Awa anali ndi dzanja lothina, madzi sangadutse apa. Langa ndi lolekerera. Ndikalumikiza ine, aliyense adzaona pomwe iwo analekera."

"Koma mungaumalize?"

"Ndingayese usipawu ukatha. Kungoti udzaoneka kuti ndi wa anthu awiri."

"Uoneke choncho basi, musabise. Ndikamaswali kwa Mulungu pamkekawu, mawondo ndiziika mbali yanuyo, mphumi mbali yawo."